Nkhondo Yomenya Chogwada

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja, ndinali ndisanaimepo chilili pamaso pa apongozi anga aamuna. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatuka n'kugwada m'maudzu, nthawi zina m'chisoso, mpaka adutse. Madzi osamba ndinkawasiya kubafa n'kuthawa. Mawu anga ankawadziwa, koma ankawamvera kuseri kwa chitseko.

Kwathu ndi ku Dowa, ndipo ulemu timaudziwa, koma uwu unali wa mtundu wina. Kumudzi kwa amuna anga, kufupi ndi Manyamula, mkamwana, ndiko kuti mkazi wokwatiwa pamudzipo, amakhala choncho mpaka apongoziwo atamupatsa nkhuku. Akaipereka ndiye kuti amumasula: atha kuima, kuyankhula nawo maso ndi maso, ngakhale kuwapatsira chinthu m'manja. Akamwana ena a pamudzipo analandira zawo chaka chisanathe. Wina anailandira ali ndi miyezi itatu yokha pabanja, chonsecho ndi munthu woti ngakhale madzi a tiyi amapsereza. Yanga sinabwere.

Chifukwa chake sichinali chobisika. Adada, monga tonse tinkawatchulira, anali atamusankhiratu mwana wawo mtsikana wa kutchalitchi kwawo. Mwanayo anabwera ndi ine, Mchewa amene anamupeza m'nkhalango ya paini ku Chikangawa ali ndi chikwanje m'manja. Ine ndinkagwira ganyu yosadza mitengo ndi kulambula misewu yotchinga moto, amuna anga ankacheka matabwa. Anthu akandifunsa za nkhukuyo ndinkati nkhuku ndimagula ndekha kumsika. Linali bodza. Zinkandiwawa chaka ndi chaka, makamaka pa Khirisimasi, ndikamamva anzanga akuseka ndi adada pakhonde ine ndikukwecha mapoto kuseri.

Chinthu chimene chinasokoneza zonsezi chinabwera ndi alamu anga, mng'ono wa amuna anga, amene amagwira ntchito ku Joni. Anzawo akamachokera kumeneko amabweretsa mabulangete ndi njinga. Iwo anabweretsa kabokosi kolumikiza ku kanema, ndi kandodo koyera konga rimoti, kokhala ndi kachingwe komangira padzanja. Kumudzi kulibe magetsi, choncho anakasiya kwathu, pa boma la Mzimba, m'nyumba yathu ya lendi.

Gemu inalimo imodzi yokha, ndipo alamu anatsindika kuti ndi gawo lachiwiri. M'gawo loyamba, anatero, munthu unkangogwedeza kadzanja uli khale pampando, adani n'kumagwa okha, mpaka anthu anadandaula kuti ndi zachibwana. Mu lachiwirili kandodo kanali ndi nzeru. Ukaloza pa kanema n'kudina, ndi mfuti. Ukakweza mkono n'kutema, ndi lupanga, ndipo linkadziwa ngati watema ndi mtima wonse kapena mwaulesi. Iwe mwini sudziona. Umangoona manja ako ndi msewu wa fumbi wodzaza anthu odana nawe.

Tsiku loyamba amuna anga anaphwanya babu. Lachiwiri anamenya alamu pakhutu. Ankatema ngati munthu woingitsa njuchi, thukuta lili kamukamu, ndipo ankafa asanafike pakona yoyamba. Ine ndinkangodutsa ndi mbale.

Tchuthi chitatha alamu anabwerera ku Joni. Amuna anga anabwerera ku Chikangawa, kumene ankagona sabata yonse n'kumabwera Loweruka. Mwana wathu wamkazi ankaweruka kusukulu masana. M'mawa wina nditamaliza kuchapa ndinamanga kachingwe kaja padzanja, kungofuna kuona chimene chinkapusitsa amuna akuluakulu. Ndinapeza kuti ndi ntchito yanga yakale ija. Nthambi ya paini suitema ndi dzanja. Umaponya mwendo umodzi kutsogolo, mphamvu ichokere m'chiuno ndi m'phewa, ndipo chikwanje suchiimitsa panjira. Pofika Malichi ndinali nditapha aliyense wofunika kuphedwa m'gemumo. Sindinauze munthu, poti mayi wa pabanja sayenda n'kumalengeza zoterozo.

Mu Epulo adada anagwa m'munda. Inali sitiroko. Mwendo unabwerera msanga, pakamwa panawongoka, koma mkono wamanja unangoti lende. Anthu a kuno amadziwa tanthauzo lake, chifukwa adada anali katswiri wa gule wa ingoma, ndipo mkono umenewo ndi umene unkanyamula chibonga akamaponda pansi fumbi n'kuti kobo. A chipatala anati akhale pafupi kuti azipita ku mafizo, ndiye anabwera kwathu pamodzi ndi amama, apongozi anga aakazi. Amama anakhala masabata atatu. Kenako anamva kuti chiswe chayamba chimanga, ananyamula kachikwama kawo n'kupita kukakolola.

Mwana akapita kusukulu tinkatsala awiri m'nyumba ya zipinda zitatu, anthu osaloledwa kuyang'anana.

Adada anapeza njira yawo. Ankayankhula ndi nyumba. Chichewa ankachidziwa bwino, anagwirapo ntchito m'nkhalango ali mnyamata, kungoti chinkatuluka chitavala Chitumbuka.

"Nyumba ino ili na madzi akumwa?"

Ine kuseri kwa chitseko: "Madzi ali pampando."

"Yewo, nyumba."

Za mafizo anazikana. Anapita kawiri, anawapatsa kampira kofinya, anakaika pawindo ndipo kanakhala pomwepo. Mkono anaulowetsa m'jekete, pakati pa mabatani, ngati munthu wosunga kalata. Kuzizira kwa Meyi kunawathandiza, palibe ankadabwa ndi jekete. Koma ngakhale dzuwa liswe mtengo sankavula, ndipo mlendo akabwera ankakhala chopendeka kuti mbali imeneyo ikhale kukhoma.

Ine ndinkachita zanga. Kapu ya tiyi ndinkaiika chogwirira chitaloza kumanzere. Nyama ndinkaidula tizidutswa toti munthu atole ndi dzanja limodzi, chambo ndinkachotseratu minga. Malaya awo atatu ndinawakuzira mabowo a mabatani. Ndisaname kuti chinali chikondi. Ndinkadana ndi kukolopa tiyi, komanso kumva munthu wamkulu akulimbana ndi batani kwa theka la ola kumatopetsa womvera.

Loweruka lina amuna anga, posowa chocheza ndi bambo awo, anayatsa gemu ija. Ine ndinali chogwada pakhomo la kukhitchini, ndikusankha mpunga.

"Ili ndi gawo lachiwiri, adada," anatero amuna anga.

"Loyamba lili kuti?"

"Kulibe. Sanabweretse."

"Ndiye mukumenyana na anthu osadziwa chomwe munalakwirana?"

Amuna anga anaphedwa m'gemumo nthawi yomweyo. Adada anaonerera mpaka kumapeto, akupukusa mutu. Anati mwana wawo amagwira lupanga ngati mthiko, ndiponso munthu amene amaima miyendo ili pamodzi pankhondo ndi woti anatsanzika kale kwawo.

Lolemba m'mawa ndinamva: "Nyumba ino, kanema uja wafwa?"

Ndinalowa choyenda ndi mawondo, ndinayatsa, ndinaika kandodo pampando n'kutuluka momwe ndinalowera. Anayamba ndi dzanja lamanzere ali khale. Pofika Lachitatu ankasewera choimirira, atatsamira mpando. Mfuti sankaifuna, ankati ndi chida cha anthu amantha, koma ndi lupanga anayenda ndithu mpaka anafika pachipata china pamene pamaima chimunthu chovala zitsulo thupi lonse. Chimenecho sichimva kukanda. Umafunika kuchitema mwamphamvu kangapo kuti zitsulo zigwe, kenako n'kuchimaliza. Dzanja lamanzere la munthu wa zaka zawo silikanatha.

Munthu akafa m'gemumo pamalira kanyimbo kachisoni. Ndinakamva kanyimbo kameneko ndikutsuka mbale, ndikusita, ndikusenda mbatata. Kakatha, adada ankati, "Mbwenu," ndiko kuti basi, n'kuyambiranso.

Lachinayi masana anakagona. Ine mtima unali utandikwera ndi chimunthu chija, osati chifukwa cha adada, koma chifukwa ndinkadziwa kuti n'chosavuta. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinatsitsa mawu a kanema, ndinaima pakati pa balaza. Kutema koyamba chitsulo cha pachifuwa chinagwa. Kachiwiri chisoti. Ndinatchinga, ndinazungulira, ndinakweza mkono kuti ndimalize, ndipo kumbuyo kwanga munthu anatsokomola.

Mawondo anga sanandifunse. Ndinangozindikira ndili pansi, maso pasimenti, mkono udakali m'mwamba. Chimunthu chija sichinadikire. Kanyimbo kanalira.

Adada anauza khoma kuti, "Wafwa na ntchindi." Ndiko kuti wafa ndi ulemu. Anabwerera kuchipinda kwawo.

Usiku umenewo ndinaganiza kuti nkhani yanga yatha. Ndinali kale mkazi wa chikwanje, tsopano ndinali mkazi wodumphadumpha pabalaza chitenje chili m'mawondo. Koma m'mawa mwake, atamwa tiyi, ndinamva:

"Nyumba ino ili na munthu wodziwa kutema. Ateme."

Kukana sindikanatha, kuima sindikanathanso. Choncho ndinamenya nkhondo chogwada. Amene sanayesepo asayese. Choyamba panali vuto la kolozera thupi. Kuyang'anana nawo kunali kosaloledwa, kuwafulatira kunali mwano, ndiye ndinagwada cham'mbali, kanema ali kudzanja langa lamanja, adada kumanzere, maso anga pansi monga mwa mwambo, ndikuba pang'ono ndi kona ya diso. Mfuti inkawombera kumwamba. Ndinapha mitambo yambiri ndi mgolo umodzi umene sunalakwe kanthu. Lupanga ndikalitsitsa mwamphamvu kandodo kankagunda pansi, ndikalipititsa m'mbali kankagunda tebulo. Chiuno cha munthu wogwada chilibe mphamvu, ndipo gemu inkadziwa.

Adada anakhala pampando n'kumalangiza nyumba.

"Nyumba itchinge! Itchinge, ikuona kuti akubwera! Ah. Mbwenu."

Tinachita zimenezi Lachisanu lonse ndi Loweruka m'mawa. Mawondo anga anachita zikang'a. Mwana wathu atabwera kuchokera kusukulu anatiyang'ana, anaika chikwama pansi, napita kukasewera kwa aneba osafunsa funso.

Loweruka madzulo amuna anga anafika akununkha utuchi. Ataona pamene bambo awo anakanirira anati, "Adada, pali pofewetsera. Mng'ono wanga anandionetsa. Ndikadina apa, ameneyu agwa ndi kumukhudza kokha."

"Musiye momwemo," anatero adada. Kenako anabwereka foni, anatuluka nayo kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalako nthawi yaitali kwa munthu amene amati foni imadya mawu.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, njinga yamoto ya kabaza inaima pakhomo. Anatsika amama, fumbi la msewu wa Manyamula lili mpaka m'nsidze, atakumbatira dengu. M'dengumo munali msoti wamawangamawanga, womangidwa miyendo ndi luzi. Anandipeza kukhitchini.

"Adada anu akuti nkhuku iyi ni yanu," anatero. "Akuti muzitha kuima powaphunzitsa chinthu chija."

Ndinaiyang'ana nkhukuyo, nayonso inandiyang'ana. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ndidzalira ndi chimwemwe. M'malo mwake ndinapsa mtima.

"Amama," ndinatero, "ndinabereka mwana m'banja muno, nkhuku sinabwere. Ndinaphika pamaliro a kumudzi masiku anayi osagona, sinabwere. Ndinalima munda wanu chaka chimene munadwala msana, sinabwere. Lero yabwera pa njinga yamoto chifukwa cha chimunthu cha mu kanema? Ibwerere."

Amama anakhala pa chigubu cha madzi n'kuyamba kumasula mpango wawo. Sanaoneke odabwa.

"Mukunena zoona," anatero. "Kawauzeni nokha."

"Ndikawauza bwanji, poti sanandimasule?"

"Ndiye vuto lake limenelo."

Ndinapita. Ndinagwada pakhomo la pabalaza, pamalo anga a masiku onse pamene simenti inali itayamba kusalala. Adada anali pampando, amuna anga pambali pawo, kanema ali chiyakire, chimunthu chija chikuyendayenda pachipata pake. Ndinayang'ana khoma ndipo ndinayankhula ndi nyumba, koyamba m'moyo wanga.

"Nyumba ino ikuthokoza. Koma nkhuku ya gemu siikuifuna."

Amuna anga anayamba kuwerenga malata a padenga. Kunja nkhuku inalira kamodzi. Ndinadziwa kuti ndaitaya, ndipo yachiwiri sidzabwera.

"Mkamwana."

Sindinadziwe kuti akunena ine. Liwu limenelo anali asanaliponyepo kwa ine chilowereni m'banjamo.

"Mkamwana, dzulo mwana uyu amafuna kundifewetsera munthu wa zitsuloyu. Munamva. Ndinakana. Mukuganiza kuti ndili naye ntchito ameneyu? Sindikudziwa na chomwe tinalakwirana."

Adada anapitiriza.

"Kapu ya tiyi imabwera chogwirira chili kumanzere. Nyama imabwera yoduladula. Mabowo a malaya anga anakula okha, eti? Ine sitiroko inandigwira mkono, maso inawasiya." Anapuma, pakuti mawu ambiri ankawatopetsa. "Nkhuku iyi inayenera kubwera kale chomene. Chaka choyamba ndinali na mkwiyo. Chachiwiri ndinali na manyazi. Kuchoka apo ndinasowa poyambira. Munthu ukachedwa kwambiri umafuna chonamizira. Ndinachipeza ni ichi, chopusa chomwechi. Chabwino ndinalibe."

Kenako anachita chinthu chimene ngakhale mwana wawo anatembenuka kuti aone. Ndi dzanja lamanzere anamasula jekete, anatulutsa mkono wamanja n'kuugoneka pabondo. Unali utawonda, zala zitapindikira mkati ngati phazi la nkhuku yophika. Kupatula amama ndi a chipatala, palibe anali atauona chigwereni m'munda muja. Anatola kandodo pampando n'kukalozetsa kwa ine, kachingwe kakulendewera.

"Ndapota," anatero. "Mangani kuno. Uku kwamanzere kulibe nzeru."

Ndikanatha kupitiriza kukwiya, ndipo zifukwa ndinali nazo zokwanira chaka china chathunthu. Koma munthu amene ankabisa mkono umenewo kwa abusa ndi kwa anzake a ingoma anali atauika poyera pamaso panga. Ndinagwira chitseko n'kudzuka. Mawondo analira onse awiri.

Nawonso anaimirira, ndipo apa ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene palibe anandiuzapo. Adada anali munthu wamfupi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkawaonera pansi, ndinkawayesa chimphona. Mutu wawo unkalekeza pakhutu langa, ndipo pakati pake panali dazi.

Ndinawatambasula zala chimodzichimodzi, ndinalowetsa kandodo, ndinamanga kachingwe. Dzanja linali lozizira. Ndinaima pambali pawo, ndinagwira pamfundo ya dzanja lawo ndi langa, ndipo ndinawauza, iwo eni osati nyumba, kuti aponye mwendo wamanzere kutsogolo.

"Zimenezo ndinkazidziwa inu musanabadwe," anatero, koma anaponya.

Tinakweza mkono pamodzi. Unali wolemera, ndipo ndinamva akukukuta mano. Unafika paphewa, unapitirira pang'ono, tinatema. Kunali kutema koti sikukanathyola ngakhale phesi. Zitsulo sizinagwedezeke n'komwe. Ine sindinathe kutchinga, chifukwa misozi inali itatseka maso ndipo kanema ndinkamuona ngati ali m'madzi. Chimunthu chija chinatipha tonse awiri ndi kutema kumodzi.

Kanyimbo kanalira mpaka kutha. Amama anali ataima pakhomo, nkhuku ili m'khwapa. Ndinadikira kuti adada anene mbwenu wawo uja, koma sananene. Zala zawo zinagwedezeka pang'ono pansi pa zanga, zikufunafuna pogwira bwino.

"Tiyambirenso, mwana wane," anatero. "Musagwade."